Chigongono cha Gilson

Gilson ankalima masitiroberi pamwamba pa phiri la Zomba, pa kamunda kamene anasiyiridwa ndi malume ake m'mphepete mwa nkhalango ya paini. Kunena kuti ankalima n'kungomulemekeza. Wolima anali mkazi wake Modester. Iyeyo ndiye ankabzala, kupalira, kuthirira, kuthyola zipatso n'kukaima nazo m'mbali mwa msewu, mwana wawo Ella ali kumbuyo, kudikira magalimoto a alendo. Ntchito ya Gilson inali yothamangitsa anyani.

Sinali ntchito yochepa. Anyani ankatuluka m'nkhalango dzuwa likangoyamba kufunda, n'kukhala pa miyala moyang'anizana ndi munda ngati anthu odikira kuti sitolo itsegulidwe. Gilson anayesapo zambiri. Anaimika chidole n'kuchiveka malaya a chipani china amene anapatsidwa pamsonkhano, anyani osachiopa. Anachiveka a chipani chinanso, ndiye anafika pomakhala pamthunzi wake. Legeni inkangoduka mphira. Galu amene anabwereka kwa mnansi anaona nyani wamkulu kamodzi kokha n'kubwerera kwawo osatsanzika. Chotsala chinali mwala ndi mkono wamanja. Sankagenda kuti avulaze, ankangofuna kuti mwala ugwe pafupi, ndipo m'kupita kwa zaka mkonowo unafika poponya patali moti anyani ankadziwa okha pamene panali malire.

Tsiku lina m'nyengo yozizira kunadutsa a Stafford Namagonya, mkulu wa ku Mbedza amene anapuma pantchito ya boma. Kuchipatala anawauza kuti aziyenda chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndiye ankakwera phiri atamanga tayi, ambulera ili m'manja. Anaima kuti agule masitiroberi. Ali mkati mosankha anaona mwala ukudutsa pamwamba pa munda wonse, kuwoloka kamtsinje, n'kukagwa pafupi ndi mchira wa nyani. Anabweza mbale ya zipatso n'kupita pamene panali Gilson, ndipo atapereka moni anamupempha kuti aponyenso. Gilson anati anyani athawa. Iwo anati angoyerekeza kuti alipo. Anaponya, ndipo a Namagonya anavula chipewa.

Mkuluyu anali kalaliki mu ofesi ina ya boma, komanso ndiye ankasunga katundu wa kalabu ya masewero ya ogwira ntchito. Zipani zambiri zitangoyamba, ofesiyo inasamukira ku Lilongwe. Katundu yense anakwera lole kupatula nthungo imodzi yoponya pa mipikisano, imene inatalika kuposa malo otsala. Nthungoyo inatsala, iwonso anatsala. Anaisomeka kudenga n'kuyamba kufunafuna munthu woyenera kuigwira. Anayesa ana awo, anayesa mkamwini, anayesanso wophunzira wina wa pa yunivesite amene anangotsala pang'ono kulasa mbuzi ya eni ake.

Zonsezi anazifotokoza ataima pa mzere wa masitiroberi. Modester anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati nthungoyo ingathandize pa nkhani ya anyani. A Namagonya anati ayi, imeneyo imaponyedwa pabwalo pamene palibe chilichonse.

"Ndiye aziponya popanda kanthu, kenako azipita okha kukaitola?"

"Ndi mmene amachitira, mayi."

Modester anayang'ana mwamuna wake n'kubwerera kukasanja zipatso. Sanaletse, sanavomerenso. Koma Gilson anali atavomera kale mumtima. Chibadwire panalibe munthu amene anaona chinthu chimene iye wachita n'kumupempha kuti achitenso.

Anagwirizana kuti m'mawa azilondera munda, ndipo masana, Modester akabwerako kumsewu, azitsika phiri kukakumana ndi a Namagonya pa bwalo la mpira cha ku Zakazaka. Mkuluyo ankabwera atasenza nthungo paphewa, wezulo ili m'khosi. Iwo eni anali asanaponyepo nthungo. Ankangodziwa zimene anaona ena akuchita kalekale, ndipo maphunzitsidwe awo anali amodzi: munthu akaponya bwino aponyenso, akaponya molakwika aponyenso. Gilson ankaiponya mmene ankaponyera miyala, mkono uli cham'mbali, chigongono chili m'munsi, mphamvu yonse ikuchokera pamenepo. Nthungo inkapita patali ndithu, nthawi zina chopingasa. Ana osewera mpira anaphunzira kusamukira mbali ina akangoona tayi ikubwera.

Ululu unayamba pang'onopang'ono, mkati mwa chigongono, mbali imene imakhudza nthiti munthu akatsitsa mkono. Poyamba unkabwera akamaliza kuponya, n'kutha akagona. Kenako unayamba kumudikirira m'mawa. Chala chaching'ono chinkachita dzanzi. Atawauza a Namagonya, iwo anati umenewo ndi mkono ukuzolowera, ndipo anamugulira mafuta opaka onunkha kwambiri. Modester anati nyumba yayamba kumveka ngati chipatala. Anaonanso kuti mwamuna wake wayamba kunyamula kapu ya tiyi ndi dzanja lamanzere. Atamufunsa, Gilson anati akufuna kuti manja onse akhale ndi mphamvu zofanana. Modester anamuthirira tiyi wina.

Mpikisano wa boma lonse la Zomba unachitika m'tauni, Loweruka lina kukutentha. Oponya nthungo anali asilikali awiri, wapolisi mmodzi, ophunzira angapo ndi Gilson, amene anavala kabudula wa mkamwini wa a Namagonya. Munda anausiya m'manja mwa mnansi. Modester anabweranso, koma anati wabwera kudzagulitsa masitiroberi kwa oonerera.

Ulendo woyamba Gilson anaponya kupitirira onse. Munthu woyeza anachita kubwerera m'mbuyo ndi chingwe chake, ndipo anthu amene ankaonerera othamanga anayamba kusunthira mbali ya nthungo n'kumafunsana kuti mkulu wopanda nsapatoyo ndi wa kuti. A Namagonya ankauza aliyense kuti ndi wawo. Gilson anaona Modester ataika mbale pansi, akuyang'ana.

Ulendo wachiwiri anathamanga ndi mphamvu zake zonse. Mkono utangobwerera m'mbuyo kuti uponye, anamva kanthu m'chigongono kakuti thapu, ngati chingwe chonyowa chaduka. Nthungo inakagwa pafupi, pamene mwana akanatha kufikitsa. Sanakuwe. Anangoima atagwira chigongono, akuyang'ana pansi ngati wataya batani. A Namagonya anabwera n'kumufunsa ngati angathe kuponya kachitatu. Gilson anayesa kuwongola mkono, ndipo anakhala pansi.

Pomaliza msilikali mmodzi, dzina lake Yesaya, anapitirira pamene Gilson anafika poyamba paja. Gilson anakhala wachiwiri. Anamupatsa ndowa ya pulasitiki n'kumuuza kuti wasankhidwa kukapikisana ku Blantyre. Ndowayo anainyamula Modester.

Pofika Lolemba chigongono chinali chitatupa ngati papaya wamng'ono. Anapita kuchipatala, a Namagonya akumuperekeza. Atamujambula, anamulowetsa kwa adokotala ena achizimayi, a Zuhura, amene anagwira mkonowo n'kuyamba kudina malo osiyanasiyana. Atadina mkati mwa chigongono, Gilson anatchula dzina la malemu malume ake. Adokotala anati fupa lili bwinobwino, silinathyoke. Chimene chavulala ndi mnyewa umene umagwira mafupa awiri a pachigongono kuti asatayane. Mnyewawo unali utakokeka kwa nthawi yaitali, ndipo tsopano wang'ambika, koma sunaduke wonse.

Anamufunsa ntchito imene amagwira.

"Ndimagenda anyani."

A Zuhura analemba osaseka. Anafunsa kuti amapuma liti, iye anati anyani sapuma. Anafunsa za nthungo, ndipo anamuuza kuti asonyeze ndi mkono wamanzere mmene amaponyera. Ataona, anagwedeza mutu. Anati mkono woponya m'mawa ndi masana, tsiku ndi tsiku, chigongono chili m'munsi chotero, ukanavulala basi ngakhale pakanapanda mpikisano. Anamumanga bandeji, kumukolekera mkono pansalu ya m'khosi, n'kumuuza kuti aziika chigongonocho m'madzi ozizira kuti kutupa kuphwe. Kuponya chilichonse, mwala, nthungo ngakhale chitsononkho, anamuletsa kwa miyezi ingapo.

A Namagonya anatsokomola n'kufunsa za ku Blantyre. Adokotala anafunsa kuti iwo ndi ndani wake. Anati ndi kochi. Anawafunsa kumene anaphunzira ukochi, ndipo iwo anati anali kalaliki. Adokotala anati ku Blantyre angathe kupita kukaonerera.

"Koma saudula?" anafunsa Gilson, amene funsoli linkamuvuta chichokere kunyumba.

"Ayi, bambo. Uchira mukaupumitsa. Mukapanda kumva, mudzafika polephera kumanga mabatani a malaya."

Potuluka a Namagonya anamuperekeza mpaka pa siteji ya minibasi. Kumeneko anangoti apereke moni kwa mayi a kunyumba.

Amene anamvetsa msanga tanthauzo la nsalu ya m'khosi anali anyani. M'mawa woyamba anakhala pamalo awo akale, akuyang'ana. Gilson anatola mwala ndi dzanja lamanzere n'kuponya. Unagwera m'munda momwemo n'kuphwanya masitiroberi ake omwe. Nyani wamkulu anayang'ana mwalawo, anayang'ana Gilson, kenako anawoloka kamtsinje. Sabata isanathe anyani ankadya atakhala pansi, ena atafungatira ana. Gilson akawathamangira mbali ino, ankazungulira mbali inayo, ndipo kuthamanga kunkagwedeza mkono mpaka ankachita kuima.

Modester anasiya kupita kumsewu kuti azithandiza kulondera. Zipatso zimene anapulumutsa zinkaonongekera m'dengu chifukwa panalibe wokagulitsa. Sanamukalipire mwamuna wake. Ankamumanga bandeji m'mawa uliwonse, kumuthandiza kuvala, n'kumasunga sopo ndi mafuta onunkha aja mu ndowa ya mphoto. Kwa Gilson kukanakhala bwino akanakalipa. Tsiku lina Gilson anayamba yekha, nati ngati Modester ali ndi mawu anene.

"Bambo a Ella, ine sindinakuletseni. Ndinangofunsa."

"Ndiye bwanji simunandiletse?"

"Munkabwera kuchokera kubwalo kuja mukuimba. Ndinali ndisanakumvenipo mukuimba."

Gilson anatsikira kukamtsinje n'kuviika chigongono m'madzi monga anauzira adokotala. Anakhala pamenepo nthawi yaitali, akuganiza zopita ku Songani kwa mkulu wake kukathandiza kugulitsa tomato, ntchito imene munthu angaigwire ndi dzanja limodzi. Madzi a m'phirimo ndi ozizira kwambiri, moti munthu wodutsa akanaona misozi sakanafunsa.

M'mawa mwake kunatulukira a Namagonya, tayi ili m'khosi, ambulera ndi fulasiki zili m'manja. Anakana mpando. Anaima pakhomo n'kuuza Modester kuti mkono wa mwamuna wake anauwononga ndi iwo, ndiye abwera kudzagwira ntchito ya mkonowo mpaka uchire. Modester anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa. Anati anyani amayamba dzuwa likafunda, ndipo anatenga dengu lake n'kupita kumsewu.

Miyala ya a Namagonya inkafika pakati pa munda. Anyani ankaiyang'ana ikugwa. Ataponya kangapo, Gilson anawalangiza kuti asiye, poti kuchipatala kuja mzere ndi wautali. Mkuluyo anayesa wezulo, anyani anangotembenuka kamodzi. Kenako mwangozi anatulukira kuti akatambasula ambulera mwadzidzidzi, gulu lonse limabalalika. Njira imeneyi inagwira ntchito masiku angapo, mpaka nyani wamkulu anazindikira kuti mu ambulera simutuluka kanthu. Pamapeto pake chimene chinathandiza chinali chosavuta: a Namagonya ankazungulira munda mbali ya kunkhalango tsiku lonse osakhala pansi, akulankhula Chingerezi cha mu ofesi mokweza, Gilson ali mbali ya kumtsinje akumenya chitini ndi dzanja lamanzere. Anyani ankabera ndithu, koma mothamanga, ngati kale.

Masana anthu awiriwa ankakhala pa mwala n'kumwa tiyi wa m'fulasiki. Sankakamba za nthungo. A Namagonya ankafotokoza za masiku amene Zomba inali ndi magalimoto a nduna, Gilson n'kumawauza khalidwe la nyani aliyense. Tsiku lina mkuluyo anati chipumireni pantchito panalibe malo amene munthu ankawadikirira kuti afike, ndipo tsopano akachedwa ngakhale anyani amadabwa. Anatinso kuchipatala awauza kuti magazi ayamba kuyenda bwino, ndipo adokotala awafunsa mankhwala amene akumwa.

Nyengo imeneyo anapulumutsa zipatso zokwanira kuti banja lisagone ndi njala, osapitirira apo. Mpikisano wa ku Blantyre unadutsa. Anaumvera pa wailesi ya mnansi, ndipo za nthungo sanazitchule n'komwe.

Kutupa kutatha, a Zuhura anachotsa nsalu ya m'khosi n'kumupatsa Gilson zochita. Ankafinya ndimu m'dzanja osaiboola, kupinda ndi kuwongola mkono pang'onopang'ono, kenako kunyamula botolo la madzi. Ankachita zimenezi atakhala pakhonde, ndipo anthu odutsa ankaganiza kuti akuitanira malonda a ndimu. Mvula itayamba anali akutha kugwira khasu. Kuponya anali asanaloledwe, ndipo iye mwini ankaopa. Nthawi zina ankatola mwala, kuugwiragwira, n'kuubwezera pansi.

Kuchipatala komweko ndi kumene anakumana ndi Yesaya, msilikali anamupambana uja, atabwera ndi mkazi wake kusikelo. Yesaya anamuzindikira, ndipo atamva nkhani yonse anapinda malaya n'kumusonyeza chigongono chake chimene sichinkawongoka bwinobwino. Anati nayenso anayamba choncho, koma iye sanamvere adokotala. Ananena kuti tsiku la mpikisano lija ankamuyang'ana Gilson akuponya ndipo ankamva kupweteka m'malo mwake. Anadzipereka kuti adokotala akadzalola, adzamusonyeza kaponyedwe koyenera.

Gilson anakafotokoza kunyumba. Modester anati mkono ndi umodzi, sungatumikire anyani ndi nthungo pamodzi, ndiye asankhe. Gilson analingalira masiku angapo. Kenako anati akufuna nthungo, ndipo ananena akuyang'ana pansi. Modester anati wamva. Anasamutsa mizere ya masitiroberi kuibweretsa pafupi ndi nyumba, mbali ya kunkhalango n'kubzalako tsabola. Munda unachepa. Kulondera kunakhala kwa chitini, miyendo ndi a Namagonya, amene sanasiye kubwera ngakhale mkono unali utachira, ndipo palibe anawakumbutsa.

Yesaya anayamba ndi kumulanda nthungo. Kwa milungu ingapo Gilson ankangothamanga ndi kutambasula manja. Atamubwezera nthungo, anamuphunzitsa kukweza chigongono kuti chidutse pamwamba pa phewa, ndi kuti mphamvu izichokera m'miyendo ndi m'chiuno. Ankaponya kochepa, masiku ena osaponya n'komwe, ndipo akangomva kuwawa ankasiya. Poyamba nthungo inkagwa pafupi kuposa kale, zimene zinamukhumudwitsa. A Namagonya anatsala ndi ntchito yonyamula nthungo ndi kuimba wezulo. Kamodzi anayesa kunena kuti aponyenso, Yesaya anawayang'ana, iwo n'kunena kuti amatanthauza mawa.

Chaka chotsatira mpikisano unachitikanso pa bwalo lomwe lija. Modester sanapite, anati wina ayenera kutsala ndi munda. Gilson anaponya maulendo ake onse. Paulendo uliwonse, nthungo ikangochoka m'dzanja, ankayamba wamvetsera chigongono asanayang'ane kumene yagwera. Yesaya anapambananso, wophunzira wina wamtali anakhala wachiwiri, Gilson wachitatu. Wachitatu ankangomugwira chanza. A Namagonya anapita kwa akuluakulu a mpikisano kukafunsa ngati ku Blantyre amatenga atatu, ndipo anauzidwa kuti zidalira malo m'galimoto.

Gilson anakwera phiri dzuwa litapendeka, nkhungu ikuyamba kutsika m'mitengo ya paini. Anapeza Modester akuthirira, Ella akusewera ndi matope pambali. Modester anaika keni pansi.

"Mkono uli bwanji?"

"Uli bwino."

"Tawongolani ndione."

Gilson anawongola, anapinda, anawongolanso. Modester anagwira mkati mwa chigongono n'kudina ndi chala chachikulu, akumuyang'ana kumaso. Gilson sanatchule dzina la munthu aliyense. Atatero m'pamene anamufunsa nambala, iye nati yachitatu. Anafunsa kuti oponya analipo angati, iye nati ambiri ndithu. Anafunsanso ngati apita ku Blantyre, iye nati zidalira galimoto.

Modester anagwedeza mutu, nati chakudya chili m'nyumba koma mizere ya kumunsi sinathiriridwe.

"Tengani makeni onse awiri," anatero.

Gilson anavula kabudula wa eni ake, anavala wake, n'kutsikira kukamtsinje.